Maso Anga Si a Kampani

Lolemba, 3 Febuluwale

Lero atipatsa magalasi. Osati a kuchipatala ayi, koma akuda bii, olemera ngati wavala wailesi kumaso, kuseri kwa khutu kuli kabatire komatentha. Tapatsidwa tonse atatu a pa tebulo la shedi namba 4: ine, Kate ndi a Hopeson. Abwera nawo ndi a Philip, wachiwiri kwa manijala wa minda, bambo wa nsapato zosadziwa matope.

Ndilembe bwinobwino ntchito yanga, chifukwa zikuoneka kuti ena aiwala. Wothyola tiyi akafika ndi dengu pa sikelo, ine ndimatapa masamba odzaza dzanja, kuwayala pa tebulo, n'kusankha. Abwino, aja a masamba awiri ndi nsonga, uku. Okhwima uku. Banji, uja nsonga yake yagona osakula, uku. Zaka 19 ndikuchita zimenezi ndipo kufakitale sanandibwezerepo thirakita ya masamba.

Tsono magalasiwa, ukayang'ana masamba pamabwera timabokosi pamaso pako. Tobiriwira pa tsamba labwino, tofiira pa lokhwima, ndiye m'mwamba cha kumanja manambala akungothamanga. Ukatembenuka tikukutsata. A Hopeson anayesa kutiingitsa ndi dzanja ngati ntchentche, mzere wonse wa othyola unafa ndi phwete.

A Philip akuti, "Ndi kuyesa chabe, masabata awiri, maola anayi pa tsiku. Akakhoza tigawa m'mashedi onse." Ndinafunsa kuti kodi maso athu alakwa chiyani. Anati, "Amayi, maso a munthu amatopa, koma kompyuta siitopa." Ndinangoti eya. Kate wawapatsa kale dzina, akuti maso a bwana.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Mutu. Wayambira pakati pa nsidze, wafika mpaka m'khosi. M'maso ngati athiramo mchenga.

Poweruka pali kafomu. Pajambulidwa nkhope zisanu, kuyambira yoseka mpaka yolira, ndiye funso lake n'lakuti maso anu amva bwanji lero. A Hopeson anachonga yoseka asanawerenge n'komwe. Kate yoseka. Ine Magdalena, wa pakamwa posatseka uja, yosekanso.

Nanga ndikanatani? Pa esiteti pano munthu sadwala dzinja, aliyense amadziwa. Ukati maso akuwawa akutumiza ku kiliniki, kiliniki ilemba kuti suona bwino, ndipo wosaona bwino sakhala pa tebulo, amabwerera ku munda dengu kumsana. Msana wangawu unasiya dengu ndili ndi zaka 27. Bwana akafunsa, yankho limakhala limodzi chiyambire makolo athu kufika kuno: zili bwino bwana.

Lachinayi, 6 Febuluwale

Ndagwa. Ine mayi wamkulu, kugwa masanasana!

Nditavula magalasi ndinatsetsereka kanjira ka pakati pa tiyi kopita kunyumba. Pa ngalande paja ndimalumpha tsiku ndi tsiku osayang'ana n'komwe. Lero ndinaona m'mphepete muli pafupi, ndaponda, palibe. Bondo lasupuka, chitenje chonse matope. Atsikana a ku Nchilamwela amene amathyola m'munda wa m'munsi anathamanga, "Pepani amama, pepani!" koma ndinaona mmodzi akubisa chiseko m'duku. Sindikumuda, nanenso ndikanaseka.

Bambo a kwathu a Elson atabwera kuchokera kufakitale anati mwina ndi ukalamba. Ndinawafunsa kuti ukalamba wake unayamba Lolemba? Anangotenga sopo n'kupita kubafa.

Fomu: yoseka.

Lachisanu, 7 Febuluwale

Ndapeza njira ndipo sindiuza munthu.

Cha m'ma 10 koloko misozi inali kungotsika yokha, timabokosi taja tikuoneka tiwiritiwiri. Ndinatsinzina kuti ndipumeko pang'ono, koma manja sanaime. Ndinangozindikira kuti ndamaliza kusankha. Nditatsegula maso, milu itatu ili bwinobwino, palibe tsamba losokera.

Zala zimadziwa. Tsinde lanthete limathyoka msanga ukalipinda, lokhwima limangogonja osathyoka ndipo m'mphepete mwa tsamba lake mumakanda. Nsonga yabwino ndi yaitali, ili ndi kaubweya kofewa. Ya banji ndi kakang'ono ngati njere ya mpunga. Zonsezi ndimazidziwa kalekale, kungoti sindinkadziwa kuti ndimazidziwa popanda maso.

Ndiye magalasiwo poti ndi akuda, ndani angaone kuti mkatimo mwatsekedwa? Ndagwira maola awiri otsalawo nditatsinzina, ndikungotsegula polemba nambala ya wothyola. Mutu lero wachepako. A kompyuta aja azijambula timabokosi tawo okha, ine ndilibe nawo ntchito.

Lamulungu, 9 Febuluwale

Kutchalitchi buku la nyimbo linandikanika. Mizere inkakwerana. Ndinangoimba za pamtima, pena kungotsegula pakamwa.

Masana ndinaimbira Tamanda ku Makwasa. Mwana wangayu chaka chachiwiri cha unesi chamupatsa mwano, koma nzeru ali nazo. Anandifunsa mafunso ngati wapolisi, kenaka anati, "Amayi, masamba ali pafupi, pa mkono pomwepo. Koma zithunzi za m'magalasizo diso limaziona ngati zili patali. Nde diso likungosintha, pafupi, patali, pafupi, patali, maola onsewo. Komanso munthu akayang'anitsitsa amaiwala kuphethira, n'chifukwa chake akuuma." Ndinati basi ndamva, zili ngati kutumidwa ndi apongozi awiri nthawi imodzi, wina kumtsinje wina kuchigayo.

Anafunsa kuti pa fomu ndikulemba chiyani. Nditamuuza anati, "Nde mukufuna adziwe bwanji? Alote?" Ndinamuuza kuti mayunitsi atha. Sanathe.

Lolemba, 10 Febuluwale

Zatibwerera. A P., a Philip aja, afika akumwetulira, mafomu athu ali m'manja. Akuti poti tonse tikumva bwino, sabata ino tivala tsiku lonse, kuyambira dengu loyamba mpaka thirakita yomaliza.

A Hopeson anati, "Zikomo bwana." Zikomo! Ndinawayang'ana mpaka anawerama. Koma ndingawanene chiyani, poti dzanja limene linachonga nkhope yoseka kasanu konse ndi langali. Ndapsa mtima tsiku lonse ndipo sindikudziwa kuti ndapsera ndani kwenikweni, a P. kapena ine ndemwe.

Lachiwiri, 11 Febuluwale

Izi ndiye zoseketsa. A P. anandiitanira pambali n'kundionetsa lipoti pa foni yawo. Akuti kufakitale amabwerezanso kuyesa masamba athu, ndipo pa atatufe ine ndi amene ndikukhoza kwambiri. Chiyambire Lachisanu, akuti, sindikulakwitsa n'komwe. "Mwaona amayi? Poyamba munkakana, koma taonani mmene magalasi akuthandizirani."

Chiyambire Lachisanu! Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke.

Akuti Lachisanu likubwerali kubwera a manijala wamkulu ndi mayi wina wa kukampani imene inabweretsa magalasiwa, wochokera ku Blantyre. Akufuna ine ndiime kutsogolo, ndionetse, ndinene mmene ntchito yaphwekera. Akamva kwa ine, akuti, mashedi onse alandira. Ndinati ndamva bwana.

Panjira chiseko chinandithera. Ndiye kuti zala zanga ndi zimene zikagulitse magalasi kwa anthu onse aja.

Lachitatu, 12 Febuluwale

Mvula tsiku lonse. Kate sanadye.

Lachinayi, 13 Febuluwale

A Hopeson abwera ndi pulasitala pamphumi. Dzulo poweruka anakagunda mlatho ndi njinga, pa kona paja apitapo zaka zonsezi. A P. atafunsa anati buleki inaduka. Njingayo ndaiona ine kuseri kwa shedi, mabuleki onse awiri ali bwinobwino.

Masana ndinapeza Kate ataweramira mu udzu, akusanza. Ndinaganiza zina, ndinamufunsa. Anati, "Iyayi amama, si mimba. Ndi chizungulire. Ndikavula, pansi pamayenda." Maso ake ofiira ngati wagona mu utsi. Kate ali ndi zaka 29 zokha, anakhala pa tebulo chaka chatha.

Ndinalephera kupirira, ndinamuululira. Ndinamugwira dzanja, ndati tsinzina, gwira apa, pinda, wamva? Anayesa kanayi. Banji ankapita ku abwino, abwino ku okhwima. Anatsegula maso n'kundiuza kuti, "Inu muli ndi zala, amama. Ife tili ndi maso okha basi."

Mawu amenewo sakundichoka m'mutu mpaka pano. Ine ndapeza pobisala, ndiye mawa ndikaime kutsogolo ndikanene kuti kunja kulibe mvula?

Ndawauza a Elson. Akuti, "Ungonena mawu awiri, ukhale pansi. Nkhani za mabwana zimatha zokha. Iwe ukufuna dengu pa msinkhu umenewo?" Sindikulifuna. Ndikaliganizira msana ukuyamba kale kuwawa. Koma ndawauza kuti kampani inalemba manja anga ntchito, maso sindinasainire.

Lachisanu, 14 Febuluwale

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Anafika cha m'ma 9, magalimoto awiri. Shedi anaisesa mpaka pansi pa sikelo. Othyola anali pa mzere ndi madengu awo, makapitawo akuwauza kuti asasokose. A manijala wamkulu anaima manja kumbuyo. Mayi wa ku Blantyre uja, a Olivia, ndi wamng'ono thupi, wa nsapato za matope zenizeni, ndipo anapereka moni kwa aliyense ndi manja awiri. Zinandivuta, ndinkafuna akhale wamwano kuti ntchito yanga iphweke.

A P. anayamba. "Awa ndi mayi Nakhumwa, katswiri wathu. Chivalireni magalasi, salakwitsanso." Ndinatapa masamba, ndinasankha, milu itatu. Anaombera m'manja. A Olivia anafunsa, "Mayi, tatiuzani, magalasiwa akukuthandizani bwanji?"

Ndinaona Kate ataima pambali, wagwira tebulo ndi manja onse kuti asagwe. Ndinavula magalasi aja n'kuwaika pa masamba.

Ndinati, "Mayi, ine chiyambire Lachisanu lapita sindinayang'anemo. Ndimagwira nditatsinzina."

Ngakhale a pa mzere anasiya kusuntha madengu. A P. anaseka kaphwete kouma, akuti amayiwa amakonda nthabwala. Ndinamasula duku langa, ndinapatsa a Olivia, ndati ndimangeni nokha kumaso, mumange zolimba. Anazengereza, koma anamanga. Ndati tapani dengu lililonse limene mukufuna. Ndinamva masamba akugwa pa tebulo, onyowa, ozizira. Ndinasankha. Sindinafulumire, sindinachedwe. Nditamasula duku, a Olivia anali atavala magalasi anga akuyang'ana milu ija. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anavula, anati tsamba limodzi lokha ndi limene kompyuta yatsutsa. Ndinalitola, ndinawapatsa, ndati pindani tsinde. Linangogonja osathyoka. Ndati, "Limeneli n'lokhwima, mayi, kungoti lanyowa ndiye likuwala."

Kumbuyo wina analuluta. Kapitawo anakalipa, koma zinali zitachitika kale.

A Olivia sanaseke. Anandiyang'ana m'maso, kenaka anapempha Kate kuti avule. Ataona maso a Kate anafunsa kuti timavala maola angati. Kate anayang'ana pansi. Ndinayankha ine, ndati tsiku lonse. Anatembenukira kwa a P. "Tsiku lonse? Ife tinati azivala pang'ono, azipuma. Ndani anati tsiku lonse?"

A P. anatsegula chikwama, anatulutsa mafomu onse n'kuwayala pa tebulo langa. Nkhope zoseka zokhazokha, mzere wonse. "Anachonga okha. Palibe anadandaula. Awa ndi a mayi Nakhumwa, onani."

Pamenepo ndiye panandipweteka, chifukwa sananame. Ndinati, "Ndinachonga ndine, ndipo ndinanama. Kuno bwana akafunsa timati zili bwino. Mukanatipatsa fomu yofunsa ngati tili moyo titafa kale, tikanachonganso yoseka. Mukufuna kudziwa za maso, yang'anani maso, osati pepala."

A manijala wamkulu anatsokomola n'kuyang'ana wotchi. A Olivia anafunsa a Hopeson za pulasitala. A Hopeson, Mulungu awakhululukire, anaima njo n'kunena kuti, "Ine zili bwino bwana." Kate misozi inkangotsika, kaya ya magalasi kaya yeniyeni.

A Olivia anatolera magalasi onse atatu n'kuwaika m'bokosi. Akuti kuyesa kwaima kaye mpaka esiteti ilembe lipoti lofotokoza chimene chachitika. Pochoka anandigwira dzanja. A P. sanandiyang'ane.

Loweruka, 15 Febuluwale

Sizinachedwe. Kapitawo Amosi anabwera pakhomo chipewa chili m'manja, akuti watumidwa. Kuyambira Lolemba ndikathyole m'munda namba 12. Chifukwa chake akuti munthu amene wavomera yekha kuti amagwira ntchito atatsinzina sangakhale pa tebulo. Amosi anati, "Pepani achemwali, ine ndi mthenga chabe." Ndinamupatsa madzi akumwa.

A Elson sananene kuti ndinakuuza. Anangotulutsa dengu lakale kudenga n'kuyamba kukonza zingwe zake. Bola akanandikalipira.

Lolemba, 17 Febuluwale

Namba 12 ndi munda wa pa chitunda uja aliyense amauthawa. Anasankha bwino.

Zaka 19 si masewera. Chingwe chadya mapewa, ntchafu zanyowa ndi mame mpaka m'chiuno, pofika masana msana unali ngati wa munthu wina. Atsikana akundipitirira ngati ndaima. Mmodzi, Lestina, anabwerera n'kuthira masamba ake odzaza manja awiri m'dengu langa. Ndinamukalipira, ndati sindine wopempha. Anati, "Mwatilankhulira, amama," n'kupita. Ndinalira pang'ono, tiyi ndi wamtali, palibe anaona.

Pa sikelo masamba anga anasankha ndi Kate, ndi maso akeake. Sanapezemo banji ngakhale mmodzi. Akuti dzulo anadya, ndipo pansi pasiya kuyenda.

Mutu sunandipweteke lero. Zina zonse zapweteka.

Lachiwiri, 18 Febuluwale

Ndalowetsa ulusi pa singano kamodzi n'kamodzi. Ndinaitana a Elson kuti aone, akuti ndapenga.

Tamanda waimba, akufuna abwere adzalankhule ndi mabwana. Ndamuuza akhale komweko awerenge, nkhondo iyi ndi yanga.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Cha m'ma 11, kamvula kakuwaza, ndinamva njinga yamoto ikuima m'munsi. A Philip. Anakwera chitunda chonse wapansi, akuterereka, nsapato zija lero zalawa matope. Anafika pa mzere wanga akupuma mwa befu, pepala analibisa m'malaya kuti lisanyowe.

Anayamba ndi moni wautali, kufunsa za msana, za bambo a kunyumba. Kenaka anati zinthu zafika poipa, a manijala wamkulu akufuna lipoti lipite ku Blantyre mawa. Anatulutsa pepala. Lalembedwa kuti ine Magdalena Nakhumwa ndinali ndi vuto la maso kuyambira kale chifukwa cha msinkhu, ndipo sindinauze akuluakulu. "Mungosaina apa, amayi. Mawa lomwe mubwerera pa tebulo. Magalasi inu simudzavalanso, ndikulonjeza."

Ndinafunsa, nanga Kate? Nanga a m'mashedi enawo?

Anati enawo sanadandaulepo, mafomu awo alipo. Vuto likakhala la munthu mmodzi, kuyesa kupitirira Lolemba.

Sindinama, ndinaliyang'ana pepalalo. Dengu linali kundikokera chagada, chingwe chili pa bala la dzana. Ndinaganiza za benchi yanga, denga la malata, tebulo louma. Cholembera anali atachitsegula kale. Ndipo ndinaona kuti nawonso ali ndi wowafunsa kumwambako, nawonso akufuna kukanena kuti zili bwino bwana. Ndinawamvera chisoni, koma pang'ono.

Ndinati, "Tagwirani pepalalo patali." Anadabwa, anabwerera m'mbuyo. Ndinawerenga mokweza, mzere ndi mzere, mpaka timalemba tating'ono ta pansi penipeni. Atsikana a mizere yoyandikana anali atasiya kuthyola.

Ndati, "Mwamva? Maso odwala amenewo? Mukalembe kuti anadwala pa 3 Febuluwale, anachira atavula. Limenelo ndisaina ngakhale kawiri."

Anati, "Amayi, ganizani bwino. Dzinja likadali lalitali, msana wanuwo sufika Epulo."

Mwina sufikadi. Ndinakonza chingwe paphewa. Iwo anali ataimabe pomwepo, cholembera m'manja, pepala layamba kunyowa, pakati penipeni pa njira yanga.

Ndati, "Bwana, tasunthani pang'ono, mwaima pa mzere wanga."

Anasuntha.